Chimanga cha a Namwale

Mwezi uno wa Okutobala chakwana chaka chitisiyireni apongozi anga, a Namwale. Amuna anga, bambo a Tadala, ali kalikiliki kufunafuna simenti ya chiliza, ndipo dzana anandifunsa mawu oti adzalembedwe pamwalapo. Ndinawauza kuti alembe dzina ndi vesi monga amachitira aliyense. Zimene ine ndikanafuna kunena sizingakwane pamwala, ndiye ndazilemba pano.

A Namwale sankaopa imfa, ankaitchula mosavuta ngati ulendo wa ku Chamama. Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi chimanga chawo. Sindikunena cha m'nkhokwe ayi, koma mbewu imene anakhala akuipanga okha kwa zaka zoposa khumi. Ankada nkhawa kuti iwo akadzapita mbewuyo idzathera pomwepo, ndipo nkhawayo ankaitula kwa ine, chifukwa mwana wawo anali atatseka makutu kalekale.

Ndikanena kuti mayi wa kumudzi, wosadziwa kulemba ngakhale dzina lake, ankapanga mbewu, anthu amandiyang'ana mokayika. Inenso poyamba ndinkaona ngati ndakwatiwa kwa anthu ozungulira mutu.

Ndinabwera pamudzi pano pa chitengwa kuchokera kwathu ku Lukwa. Sabata yoyamba, pofuna kuonetsa kuti mwana wawo wapeza mkazi waukhondo, ndinalowa ndi tsache m'nyumba mwawo iwo ali kudimba. Kuseri kwa chitseko ndinapeza mabotolo asanu ndi limodzi. Lililonse linali ndi chimanga chodzaza dzanja, ndipo kukamwa kwake anamangako kansalu. M'katimo anankafumbwe anali balalabalala. Ndinawamvera chisoni mayi okalamba amene maso ayamba kufooka. Ndinakhuthulira nkhuku chimanga chonsecho, mabotolo n'kuwatsuka mbee, n'kuwayanika pathandala. Kenako ndinakhala pakhonde kudikira kuyamikiridwa.

Atabwera anayang'ana mabotolo, anayang'ana nkhuku, kenako ine.

“Naphiri, kwanu ku Lukwa mukapeza ziweto za eni mumatsegula khola?”

“Ziweto ziti, amayi?”

“Antchito anga. Miyezi itatu akugwira ntchito, lero mwawadyetsa nkhuku pamodzi ndi yankho lomwe.”

Sanandilankhule masiku awiri. Tsiku lachitatu anandipatsa kambale n'kundituma kukatola anankafumbwe pansi pa nkhokwe, ndipo tikuwagawa m'mabotolo anandifotokozera. Botolo lililonse linali ndi chimanga cha mtundu wake. Onse ankawathira anankafumbwe ofanana kuchuluka, tsiku limodzi, n'kuwaika malo amodzi. Pakatha miyezi itatu ankakhuthula n'kuona botolo limene latsala ndi njere zathunthu zambiri. Ankakonda kunena kuti mlimi amakometsa za m'munda mwake, wogulitsa mbewu amakometsa za m'sitolo mwake, koma nankafumbwe alibe m'bale. Ine ndinangoti “chabwino amayi,” mumtima ndikudzifunsa kuti ndalowa banja lanji.

Chimene ankafuna chinali chosavuta kumva. Zaka zimenezo makuponi anali atangoyamba, ndipo amene dzina lake latuluka ankapeza fetereza ndi kapaketi ka mbewu yamakono. Chimanga chimenecho chinkacha msanga ndipo chinkabereka, palibe ankatsutsa. Koma ukachiika mumtondo chinkangofumbutuka, theka lonse kupita ku gaga, ndipo pofika Ogasiti chinkakhala chitafumbwa ngati sunathire mankhwala. Cha makolo chinali cholimba, chokonoleka bwino, chokhalitsa m'nkhokwe, koma chochedwa kucha ndiponso chouma manja pobereka. Mayi aliyense ankazidziwa zimenezi, ndipo pamjigo tinkadandaula mpaka ndowa kusefukira. A Namwale okha ndi amene anafunsa chifukwa chake munthu sangakhale ndi zonse ziwiri m'chimanga chimodzi. Ankati ngati mwana amatenga mphuno ya bambo ndi miyendo ya mayi, chimanga chingakanike bwanji.

Funso limeneli silinayambe ndi makuponi. Ali mtsikana anagwirapo ntchito pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi kwawo. Fodya yense ankamudula nsonga kuti asachite maluwa, koma mitengo ingapo ankaisiya kuti ibereke mbewu, ndipo ntchito ya atsikana inali kuveka maluwawo timatumba n'kumanga kukhosi. Tsiku lina a Namwale anafunsa kapitawo kuti timatumbato n'tachiyani. Kapitawo anawayankha kuti analembedwa ntchito yomanga, osati yofunsa. Nkhani imeneyi anandiuza kosawerengeka, ndipo nthawi zonse ankaimaliza ndi kuseka, amvekere munthuyo nayenso sankadziwa, n'chifukwa chake anakalipa. Yankho analipeza okha patapita zaka, poyang'ana njuchi pa maluwa a maungu ndi fumbi lachikasu limene limayoyoka ku ngayaye m'mawa kamphepo kakawomba. Anazindikira kuti kathumba kaja kankatsekera alendo kunja.

Anali munthu wovuta kuyenda naye. Ulendo wa kutchalitchi woti ena afika kale ife tinkachedwa, chifukwa akaona chimanga chachilendo m'munda mwa munthu ankaima, kufunsa mwini wake kumene anachitenga, tsiku limene anabzala, ndi ngati mbali ya kuchulu chikusiyana ndi ya kumunsi. Pa ukwati wina anasowa, tinakawapeza kuseri akusuzumira m'nkhokwe ya eni. Njere iliyonse yatsopano ankailuma kuti amve kulimba kwake. Mano atatha, ntchito yoluma inagwera ine. Ankandiyang'anitsitsa pakamwa n'kufunsa kuti yaphwanyika bwanji, yanyenyeka kapena yagawika pawiri, ndipo ndikayankha mwaulesi ankandipatsa ina. Dzino langa lakumanzere ili linathera pa ntchito imeneyo.

Kuwerenga sankatha, koma sankasokoneza kanthu. Phesi lililonse limene alisankha ankalimanga kansanza, ndipo mtundu wa kansanzako unali dzina la banja lake. Zofiira zinali zidzukulu za chimanga cha amayi awo, zobiriwira zinali za cha kuponi ya chaka choyamba, ndipo kumene mabanja awiri akumana ankapota nsanza ziwiri pamodzi. Pokolola, zikonyo zosankhidwazo ankazimangirira ndi makoko ake pamtanda wa m'khitchini mwawo kuti utsi uzizisunga. Chitenje chikang'ambika pakhomo pano sichinkafika pokhala chopukutira.

Chaka chimene mudzi wonse unawadziwa bwino chinali chachitatu ine ndili pano. Dzina lawo linali litatuluka pa makuponi. M'malo mobzala mbewu yamakonoyo payokha monga ankalangizira, iwo anabzala mzere umodzi wa kuponi, mizere iwiri ya makolo, wina wa kuponi, choncho mpaka kumapeto. Cha makolo anayamba ndicho kubzala, cha kuponi n'kuchedwetsa masabata awiri kuti zidzamasule pamodzi. Ngayaye zitayamba kutuluka mu Febuluwale, iwo analowa m'munda m'mamawa n'kuyamba kuzizula m'mizere yonse ya makolo, imodziimodzi, n'kumaponya pansi.

Anawaona ndi a Gondwe, oyandikana nawo munda, bambo ochokera kumpoto kwa boma lino amene anali m'komiti yolemba maina a makuponi. Anaima pamalire chipewa chili m'manja.

“Mama, kodi mwatani? Chimanga chabwinobwino mukuchidula mitu?”

“Ndikuchikwatitsa, a Gondwe. Awa ndi akazi, amuna awo ndi awo ali mumzere uwo. Sindikufuna amuna ena pakhomo.”

A Gondwe sanaseke. Pofika Lamlungu nkhani inali ponseponse kuti a Namwale akuwononga mbewu ya boma, ena amvekere ndi ukalamba, ena amvekere pali zina zimene akudziwa. Komiti inati dzina lawo lisadzalembedwenso, kuponi ipite kwa munthu wofuna kukolola. Bambo a Tadala anawachonderera amayi awo kuti akangopepesa. Iwo anakana, koma anatumiza mawu kuti akomitiwo abwere kumunda adzaone.

Anabwera anthu anayi, ine ndili pambuyo. A Namwale anawatengera pa mapesi amene masabata atatu m'mbuyomo anaveka ana ake mapepala a shuga ndevu zisanatuluke. Anamasula pepala limodzi n'kusenda makoko. M'kati munali chitsononkho choyera, chopanda njere ngakhale imodzi. Anasenda cha phesi loyandikana nalo chimene sanachiveke, chinali chodzaza mano. Anafotokoza kuti ndevu iliyonse ndi njira ya njere imodzi, ndipo fumbi la ku ngayaye likapanda kugwera pa ndevuyo njere sibadwa.

Anthu aja anayang'anana. A Gondwe anati m'munda mwa mwini zinthu zimamvera mwini, ndipo aliyense anamva chimene akutanthauza. Ine ndinaopa, chifukwa mawu a ufiti akamera pa mayi wokalamba sazuka.

A Namwale sanakwiye. Anapisa m'chitenje n'kutulutsa mapepala a shuga atatu ndi luzi.

“Chanu chija munabzala mochedwa, ndevu sizinatuluke. Tengani awa. Mukasankhe nokha mapesi, mukamange nokha, musandiuze kuti ndi ati. Ine m'munda mwanu sindipondamo. Awiri mukawasiye choncho. Lachitatu, ndevu zikatuluka m'katimo, mukamasule, mukagwedezerepo ngayaye ya chimanga chofiira chija chili kuseri kwa chigafa chanu, mukamangenso.”

A Gondwe anatenga mapepalawo monyinyirika, ndipo ndikukhulupirira kuti anawatenga n'cholinga chodzawachititsa manyazi. Patatha mwezi anatulukira pakhomo pano m'mawa, zikonyo zitatu zili m'manja. Ziwiri zinali zitsononkho zokhazokha. Chachitatu chinali ndi njere zamawangamawanga, pamene munda umene chinachokera unali wa choyera chokhachokha. Anakhala pampando akuchitembenuza.

“Mama, mwaneneska,” anatero m'chinenero cha kwawo, kutanthauza kuti mwanena zoona. “Zaka zonsezi ndikulima, ndimayesa ngayaye ndi chipewa chabe.”

Kuyambira tsiku limenelo a Gondwe anakhala wophunzira wawo wamkulu, wa mafunso ochuluka kuposa mphunzitsi. Chaka chotsatira anabzala soya m'malire monse kuti fumbi la chimanga chawo lisamalowerere kwa a Namwale. Koma dzina lija silinabwerere. Akomiti ena anati zoonadi mayiwa sakunama, koma kuponi ndi ya chakudya, si ya sukulu. Chaka chimenecho tinalima opanda fetereza wokwanira, tinakolola zochepa, ndipo bambo a Tadala sanaiwale. Nthawi zonse nkhani ya mbewu ikayamba ankadzuka n'kupita kuchigafa.

Mkangano wawo waukulu unali wa dimba. Mwana ankafuna malo onse a m'mbali mwa chitsime akhale nazale ya fodya. Mayi ankafuna kachigawo koti azibzala chimanga chawo m'chilimwe, nthawi imene kulibe ngayaye ina iliyonse m'dera lonse, kuti chaka chimodzi chiziwapatsa mibadwo iwiri. Ankati zaka zimene zawatsalira n'zochepa, sangamadikire mvula yokha.

“Amayi, fodya ndiye amagula sopo pakhomo pano. Chimanga chanu chokwatitsacho chinagulapo chiyani?”

“Fodya wakoyo unayamba wamudyapo?”

Ankatha sabata osalankhulana, ine ndili pakati kunyamula mauthenga. Pamapeto pake mayi ndiwo ankapambana, chifukwa dimbalo linali la kwa amayi awo.

Chaka china kunabwera mlangizi wina wamkazi, mtsikana wa njinga yakapalasa wochokera ku Chamama. Anabwera kudzatiphunzitsa kubzala njere imodzi paphando, koma atalowa m'khitchini muja n'kuona nsanza zija anaiwala zimene anabwerera. Anakhala mpaka dzuwa kupendeka, akufunsa, a Namwale akuyankha, kenako a Namwale akufunsa, iye n'kumakanda m'mutu. Anawauza kuti fumbi lija dzina lake ndi mungu, ndiponso kuti zimene akuchitazo n'zimene amachita anthu a madigiri kumalo ofufuzira mbewu. Anati m'mabuku a kusukulu kwawo munali amayi ena a maiko akutali amene anatulukira zinthu zikuluzikulu, ena za chimanga chomwechi, koma ambiri anadziwika mochedwa, ena maina awo anakwiriridwa pansi pa maina a amuna amene ankagwira nawo ntchito.

A Namwale anamvetsera mwachidwi, n'kufunsa ngati amayi amenewo nawonso ankaveka mapepala. Atamva kuti inde, anasangalala ngati alandira uthenga wa abale. Koma za maina sizinawakhudze kwenikweni. Anamufunsa mtsikanayo kuti akuganiza kuti chimanga cha makolo chinalimba chokha. Anati amayi awo ankasankha zikonyo pokolola, agogo awo ankasankha, ndi amayi ena kumbuyoko amene palibe akuwakumbuka, aliyense kuluma, kukonola, kutaya ichi n'kusunga icho, chifukwa wogwira munsi ndiye amadziwa chimanga. Iwo ankadziona ngati wolandira ntchito imene inayamba kale, ndipo chimene ankafuna ndi woti amupatsire. Mlangiziyo analonjeza kudzabwera ndi akuluakulu ake, koma chaka chisanathe anamusamutsira kwina ndipo sitinamuonenso.

Apa ndiyenera kunena cholakwa chawo, chifukwa anali nacho. Mbewu imeneyi sankagawira munthu. A Gondwe anapempha zaka zitatu zotsatizana, amayi a kumpingo anapempha, ngakhale mchemwali wanga wa ku Lukwa anabwerera chimanjamanja. Ankati sinakhazikike, ikadatulutsabe ana ena ofewa, ndipo safuna kuti munthu adzalime chaka chonse n'kudzawatukwana. Chaka chilichonse ankati chaka chamawa. Cholakwa changa chinali chofanana ndi chawo. Akandiitana kuti ndidzaphunzire mabanja a nsanza ndinkati ndikubwera, ndithane kaye ndi kusoka fodya, ndithane kaye ndi mwana. Ndinkaona ngati anthu otere sachoka.

Chaka chathachi mvula inadula pakati, ndipo midzi yonse kuno inakolola zochepa. Kamunda ka a Namwale kokha kanachita bwino, chifukwa chawo chinali chitakhwima kale pamene ng'amba inkafika. Anasankha zikonyo zabwino koposa n'kudzaza mtanda wonse, zotsalazo tinadya mpaka kutha mu Ogasiti. Tsiku lina anandiitana n'kundionetsa botolo limene njere zake zinali zathunthu pafupifupi zonse.

“Naphiri, mvula ikagwa tibzale munda wonse. Tikakolola, aliyense wofuna adzatenge. Chatsala n'kuchiyesa mumtondo, koma sindikufuna kuwononga ngakhale chikonyo chimodzi tisanabzale.”

Mvula sanaione. Anadwala masiku asanu okha, chifuwa, ndipo anatisiya m'mawa wa Lachinayi dzuwa litangotuluka.

Mwa mwambo wathu, mtengwa pamaliro malo ake ndi kumoto ndi kumjigo. Ndikanakhala kumeneko bwenzi ndikulemba nkhani ina. Koma a Namwale analibe mwana wamkazi, ndipo amayi akuluakulu anati poti ndine ndinawadwazika, ndikhale m'nyumba ya siwa, kumutu kwa malemu, pamalo a mwana wawo. Unali ulemu waukulu, ndipo ndinalira poulandira. Namfedwa sagwira ntchito, safunsidwa za kukhitchini, satuluka kukayendera mapoto. Zophika zonse anatenga amayi a mpingo ochokera m'midzi ina, ambiri a iwo osadziwa za pakhomo pano.

Anthu anabwera ochuluka kuposa mmene tinkayembekezera, ndipo ufa umene mabanja anasonkha unali wochepa chifukwa cha chaka chija. Lachisanu m'mawa ndili m'nyumba muja ndinamva minsi ikugunda kuseri, itatu kapena inayi, molandizana bwino. Ndinaganiza kuti wina wachifundo wabweretsa thumba. Titabwera kumanda ndinadya nawo pamodzi ndi anzanga, ndipo ndikukumbuka kuti ndinadya bwino, chifukwa ndinali ndisanalawe kanthu masiku awiri.

Ndinadziwa Loweruka, nditalowa m'khitchini mwa malemu kukatenga lichero. Pamtanda paja panalibe chikonyo ngakhale chimodzi.

Bambo a Tadala sanabise. Anati amayi ophika anabwera kudzawauza kuti ufa watha, alendo ochokera kutali sanadye, ndipo iwo anawalozera kukhitchini.

“Ukanafuna nditani? Anthu abwerere ndi njala pa maliro a amayi anga? Mbewu tidzapeza, makuponi akubwera.”

Ndinawakwiyira kwambiri, ndipo mwina mpaka lero sindinawakhululukire bwinobwino. Koma ndinawaonanso mmene analili, maso ofiira, munthu woopa manyazi pamaso pa mudzi, ndipo ndinadziwa kuti ndikanakhala ndinaphunzira ntchito ija n'kutengako zikonyo zina kusunga kwanga, kapena ndikanawakakamiza mayi kugawirako a Gondwe dzanja limodzi, sizikanathera pamtanda umodzi. Ndinapita pamalo amene anatonolerapo, ndinagwada n'kufufuza m'dothi. Nkhuku zinali zitandiyambirira.

Patatha sabata ziwiri kunabwera mayi wina amene sindinkamudziwa, wachikulire, atanyamula kambale kokutira ndi nsalu. Anati ndi a Nankhoma a ku Kapelula, ndipo ndi amene ankatsogolera amayi okonola tsiku lija. Atapepesa maliro anasendera pafupi.

“Pepani amayi, ndabwera ndi pempho, musandiseke. Chimanga chija tinakonola pano, ine chibadwire sindinachionepo. Zikonyo zikuluzikulu ngati za kuponi, koma mumtondo mphale yake kutuluka yathunthu, gaga pang'ono chabe. Tonse tinkangofunsana kuti ichi n'chimanga chanji. Ndiye ndimati mundigawireko mbewu yake, ngakhale yodzaza kambale aka, ndikayese kwathu.”

Ndinangowagwira dzanja n'kupita nawo kukhitchini kuja kuti akaone okha. Anayang'ana kumtanda, anayang'ana kambale kawo, ndipo anakhala pansi pomwepo pakhomo.

Khitchiniyo ilipobe. Palibe amasonkhamo moto, ndipo fungo la utsi linatha. Bambo a Tadala amasungiramo mitengo yoyanikira fodya, yotsamira kukhoma la kumadzulo. Mtanda uja ndi wakuda ndi mwaye, koma uli ndi timizere toyera pamene panadutsa zingwe, tina pafupipafupi, tina patalipatali, monga mmene mabanja aja anakhalira. Nthawi zina ndimaima pansi pake n'kuyesa kukumbuka kuti apa panali ati, apo panali ati, ndipo sinditha. Mitambo yayamba kusonkhana chakum'mawa, anthu akukonza mizere, ndipo dzulo kunali kulemba maina a makuponi. Lathu latuluka.